Dokotala wa Mafupa ndi Mlandu wa Masuku

Mwendo wanga wamanzere ndi waufupi kuposa unzake ndi zala ziwiri zopingasa. Anthu amene anandidziwa nditakula kale amaganiza kuti ndinabadwa choncho, ndipo ambiri ndimangowasiya. Koma sindinabadwe wotsimphina. Anandithyola ndi mzungu wolima fodya, m'zaka zija za Chitaganya, ndipo anandilumikiza ndi mzungu wina, dokotala wa ku Austria, amene azungu anzake anamuthamangitsa m'dziko muno chifukwa cha mwendo womwewu.

Ndinabadwira kumapiri a Vubwi. Bambo anga anali osema mipini, mitondo ndi misi, ndipo poti mwana woyamba ndinali ine, ndine ndinkawaperekeza kuthengo. Anandiphunzitsa kudziwa mtengo pongokhudza khungwa kapena kununkhiza pamene nkhwangwa yatema. Nditakwatiwa, amuna anga anamva kuti pafamu ina ya fodya cha ku Sinda akulemba anthu ntchito. Tinanyamuka ndi mwana wathu wamkazi ali kumbuyo, anatipatsa kanyumba pakomboni. Iwo ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya, ine ndi amayi anzanga tinkathyola fodya, kumanga pamitengo ndi kututa nkhuni.

Tsiku limene ndikunenali linali la m'kati mwa dzinja, chimanga chitamasula ngayaye. Kunali kutagwa mvula m'mawa, mabalani ali odzaza, nkhuni zitatha. Mwini famu anayendetsa yekha talakita kupita nafe kumene amuna anali atadula mitengo ndi sowo chaka chathacho. Tinapakira zipika za muwanga ndi mombo mpaka zinapitirira zitsulo za m'mbali mwa ngolo. Kenaka anatiuza kuti tikwere pamwamba pa nkhunizo, chifukwa tikayenda pansi tikachedwa kukatsitsa. Mnzanga wina, mayi wa ana atatu amene tinagundana nyumba pakomboni, anamuuza m'Chilapalapa chake chochepa, chinenero cha pamafamu, kuti njira yotsetserekera kudambo ikuterera. Mzunguyo anangoloza chikoti chimene chinkakhala pambali pa mpando wake. Tinakwera tilipo anayi.

Pamtsetse paja sanachepetse liwiro. Ngolo inayamba kuvina, kenaka ndinangoona thambo lili pansi. Pamene ndinkatsitsimuka, zipika ziwiri zinali pantchafu panga, fupa litaboola khungu, loyera ngati chinangwa chosenda. Awiri aja anagwera m'matope osavulala. Mnzanga uja chipika chinamumenya pamimba, koma anadzuka nayamba kundichotsera mitengo, akupuma movutika.

Mzungu uja anatsika, nazungulira talakita yake. Ndinamuona ndi maso angawa akugwada m'matope kusuzumira pansi pa injini, akusisita tayala, akuwongola nyale imene inapindika. Atakhutira kuti chitsulo chake chili bwino ndi pamene anatembenukira kwa ife, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa amene anapakira nkhuni mopendekera.

Lole inalipo pafamupo, koma anati ndi ya mabelo a fodya. Analamula kuti andinyamulire kukomboni, natumiza botolo la mankhwala otsukira zilonda za ng'ombe. Ndinagona pamphasa masiku awiri. Tsiku lachiwirilo mnzanga uja anatupa mimba, nasanza magazi, namwalira dzuwa lili paliwombo, ine ndikumva kulira kwa ana ake kuseri kwa chipupa. Palibe dokotala anamuona. Anamuyika madzulo omwewo chifukwa fodya sakanadikira maliro a masiku awiri. Tsiku lachitatu amuna a pakomboni anapanga machira a mtengo ndi masaka, nandinyamula mpaka kumsewu waukulu, kumene lole ya mmwenye wina wa sitolo inanditenga. Amuna anga ananyamula nawo mpaka pamsewupo, nabwerera kukasonkhezera moto. Anati akauleka uzime awachotsa ntchito. Panthawiyo ndinawamvetsa.

Kuchipatala cha mishoni ndinafika ndikununkha. Dokotala woyamba kundiona anali wachikulire, wotopa, ndipo sindimunenera choipa. Anavundukula nsanza zija, napukusa mutu, nauza namwino kuti akonze chipinda choti akadule mwendo. Namwinoyo anali mayi wachiNsenga wa mawu otsika, ndipo ndi amene ankandimasulira zonse. Asanandinyamule analowa mzungu wina wamfupi, wa manja aakulu, nsapato zili matope okhaokha, sokosi zitadzaza chisoso. Ndinaganiza kuti ndi wosamalira dimba. Anawerama nanunkhiza bala, osakwinya nkhope, kenaka anatsina chala changa chachikulu cha kuphazi.

"Mukumva, mayi?"

"Ndikumva."

"Gwedezani."

Ndinagwedeza. Madokotala awiriwo anakangana m'Chizungu nthawi yaitali, mpaka namwino anandiweramira nati, "Achikulirewa akuti adule lero kuti mupulumuke. Awa ndi adokotala a mafupa, akuti muwapatse masiku anayi ayese. Akuti mukhoza kufa nawo mwendowo. Akufunsa inu mwini wake."

Chibadwire changa mzungu anali asanandifunsepo chimene ndikufuna. Ndinati kumunda sapita ndi mwendo umodzi, ayese.

Anandigoneka ndi mankhwala onunkhiza. Podzuka ndinapeza chitsulo ngati sipoko ya njinga chitapyoza fupa m'munsi mwa bondo, chingwe chikuchokera pamenepo kudutsa pakagudumu kumapazi a bedi, ndipo kumapeto kwake kukulendewera thumba la mchenga. Bala adokotala a mafupa aja sanalisoke. Analisiya lotsegula kuti mafinya azituluka, ndipo ankabwera okha m'mawa ndi madzulo kudzatsuka. Masiku anayi aja anakhala asanu ndi atatu ndisanaleke kubwebweta ndi kutentha thupi. Nditayamba kuzindikira anthu, anandionetsa kabotolo momwe munali tizidutswa ta mtengo timene anachotsa m'ntchafu mwanga, tina totalika ngati chala.

"Mtengo wanji uwu?" anafunsa.

Ndinapempha kuti atsegule. Ndinakanda kamodzi ndi chikhadabo, kanali kolimba, kakuda mkati.

"Muwanga wouma."

Anandiyang'ana ngati ndawapatsa mbuzi. Anatulutsa kabuku m'thumba la malaya nalemba.

Ndi momwe ndinadziwira kuti munthuyu anali ndi ntchito ziwiri. Ya mafupa ndi imene inawabweretsa kuno: ankawongola mapazi a ana obadwa opindika, kulumikiza miyendo ya anthu ogwa panjinga ndi opondedwa ndi ng'ombe, kuika zikhakha pamisana yodyedwa ndi chifuwa chachikulu. Inayo inali ya zomera. Akapeza mpata ankalowa m'tchire ndi chikwama, nabwera ndi masamba, maluwa ndi mizu. Ankaziyala pakati pa nyuzipepala zakale, kuzipana ndi matabwa ndi malamba, ndipo zikauma ankazimata papepala lolimba ndi kulemba dzina, malo ndi mwezi umene anazithyola. Lamulungu masana ankabwera nazo muwodi mwathu, ife tili chigonere ndi zingwe zathu, nayamba kutifunsa maina. Amayi achiNsenga ankatchula lawo, ife Achewa lathu, nthawi zina mkangano mpaka namwino kutiletsa. Chichewa chawo anachiphunzira pamenepo, n'chifukwa chake ankadziwa mpoza, msolo, nthudza ndi chitimbe asanadziwe kupereka moni wolongosoka. Tsiku lina anabweretsa kandiwo kaja ka m'munda, titawauza kuti ndi mwamuna aligone, anafuna kudziwa chifukwa chake. Palibe anafuna kuwafotokozera. Wodi yonse inaseka mpaka matumba a mchenga kugwedezeka.

Ine ndinakhala pabedi lija miyezi inayi, ndipo poti ndinkadziwa mitengo kuposa ena, ankakhalitsa pa ine. Za moyo wawo ndinazimva pang'onopang'ono. Azungu ena ankawatcha Mjeremani, iwo ankakana, ati kwawo ndi ku Austria, dziko laling'ono lamapiri kumene madzi amauma ndi kuzizira. Bambo awo anali mlonda wa nkhalango, ndipo iwo ali mwana ankafuna kuphunzira za zomera basi. Koma mlongo wawo anadwala fupa la m'chiuno nakula akukwawa, ndiye anapita kumzinda waukulu wa dziko lawo kukaphunzira za mafupa. Atangomaliza nkhondo inayamba, anawatenga kukagwira ntchito m'matenti kumbuyo kwa asilikali.

"Ndinadula miyendo yambiri, mayi," anandiuza tsiku lina akumasula bandeji. "Yambiri ikanapola. Panalibe nthawi. Wina akudikira, wina akudikira."

Anati m'midzi imene asilikali awo ankadutsa anaona zinthu zoipa zikuchitikira anthu wamba, ndipo iwo anangoyang'ana pansi ndi kupitiriza ntchito. Pambuyo pake anagwidwa, nakhala m'ndende ya nkhondo, ndipo atabwerera kwawo sanathe kukhazikika. Ndi pamene anamva kuti kuno kukufunika munthu wa mafupa. Izi sanazinene modzimvera chisoni. Anazinena ngati munthu wofotokoza kumene anadwalira nthomba.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Anali aukali, ankakalipira anamwino mpaka kulira ngati chingwe chamasuka pang'ono. Ndipo tsiku lina anandichita chinthu chimene ndimapsa nacho mtima mpaka lero. Kunabwera azungu atatu odzaona chipatala, amuna okhaokha. Adokotala anabwera nawo pabedi langa, navundukula chitenje mpaka m'chiuno osanena kanthu kwa ine, nayamba kuloza ndi pensulo uku akulankhula monyadira, monga ankachitira ndi masamba awo ouma. Ndinagwira chitenjecho ndi kuchibweza. Anachikokanso. Ndinawamenya padzanja.

Alendo atapita anabwera ali ofiira nkhope, nafunsa chimene chinandilowa.

"Adokotala, kwanu mumalowa m'nyumba ya munthu popanda odi?"

"Muno ndi m'chipatala."

"M'chipatala ndi mwanu. Ntchafuyi ndi yanga. Ndine mkazi wa mwini, ndili ndi mwana. Sindine tsamba."

Anachoka. M'mawa mwake anaima kumapazi a bedi nati, "Odi, mayi." Kuyambira pamenepo ankatero kwa mkazi aliyense muwodimo, ngakhale kwa timabuthu.

M'mwezi wachitatu, mchimwene wa malemu mnzanga uja, amene anali mphunzitsi, analemba kalata kuboma yodandaula za imfa ya mlongo wake. Patapita masiku ochepa mwini famu anatulukira kuchipatala. Anadutsa pabedi langa ngati akudutsa pachitsa, naitanira adokotala pakhonde. Tinamva mawu akukwera. Namwino anabwera kudzandinong'oneza kuti wabweretsa pepala loti adokotala asaine, lonena kuti ndinathyoka nditagwa mumtengo wa msuku tsiku Lamulungu pothyola masuku, kutali ndi ntchito ya pafamu. Adokotala anamubwezera pepalalo, namuuza kuti iwo alemba zimene anapeza m'bala.

Poyamba ndinaseka. Masuku m'nyengo yothyola fodya? Mwana amene wangophunzira kuyenda amadziwa kuti masuku amapsa mvula zoyamba zikamagwa, ndipo pofika nthawi ya mondokwa amakhala ataiwalika. Komanso masuku sakwerera, amatola pansi. Munthu anakhala m'dziko lathu zaka zonsezo, akudula misuku kuponya m'mabalani, osadziwa ngakhale nthawi imene imabala. Bodza lake lenilenilo linali lachipongwe, chifukwa sanavutike n'komwe kulikonza. Ankadziwa kuti aliyense woweruza adzakhala wosadziwa ngati iye.

Kuseka kunatha Lamulungu lotsatira, amuna anga atabwera. Anali atabwerako kawiri kokha chigonekedwere changa. Anaika kathumba ka nsawa pabedi, nandiuza kuti mwana ali bwino kwa amayi oyandikana nawo. Kenaka anayang'ana pansi.

"Amake mwana, akakufunsani kuboma, mukanene kuti munagwa mumtengo."

"Mtengo uti?"

"Mukudziwa chimene ndikunena. Bwana wati tikatero andiika ukapitawo wa mabalani. Tikakana, tichoke pakomboni, ndipo auza mafamu onse kuti asandilembe."

"Nanga amene anafa uja anagwanso mumtengo?"

"Wakufa wafa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ife tiganize za mwana."

"Munandinyamula ndinu pamachira. Magazi anga anakudonthezerani paphewa."

Anakhala pang'ono, nanyamuka. Nsawa zija ndinapatsa mayi wa bedi loyandikana nalo.

Mlandu unalowa chilimwe chitayamba, ine nditachoka pazingwe, ndili m'chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kukadendene, ndikuyendera ndodo ziwiri. Adokotala ananditenga pagalimoto yawo. Woweruza anali mzungu wa paboma, mnyamata wa tsitsi lonyowa ndi mafuta. Mwini famu anakhala pampando, pambali pake mzungu wina womulankhulira. Ine mpando panalibe. Ndinaima pandodo zanga, thukuta likutsika m'chikhakha, mpaka adokotala anadzuka nandipatsa wawo, iwo n'kutsamira chipupa. Wa paboma uja anawayang'ana nthawi yaitali asanayambe.

Amayi awiri amene anali nafe pangolo sanapezeke. Anali atachotsedwa ntchito kale, wina atawolokera ku Nyasalande, wina kwa Apwitikizi. Mwini famu ananena za msuku wake, nati za mayi womwalirayo anangomva kuti anadwala m'mimba, monga amadwalira anthu a m'komboni. Ine ndinanena zimene zinachitika, mesenjala akumasulira. Kenaka anaitana amuna anga. Anavala malaya atsopano oyera amene sindinawadziwe. Anagwira Baibulo, nati Lamulungu lija mkazi wawo anapita kumasuku, iwo anamupeza pansi pa mtengo. Ananena akuyang'ana mbendera ya pakhoma. Ndinayang'ana khosi lawo, pamene mtsempha unkagunda, ndipo ndinamva ngati fupa lija lathyokanso.

Adokotala anabwera ndi zinthu zitatu. Anaonetsa chithunzi cha mafupa pawindo, nafotokoza kuti munthu wogwa kuchokera pamwamba fupa lake silithyoka chotero, ili linaphwanyidwa ndi chinthu cholemera chogwera pambali. Anaika kabotolo kaja patebulo, nati umu muli muwanga wouma, wodulidwa ndi sowo, wokhala ndi mafuta a injini, ndipo muwanga sumera pamtengo wa msuku. Kenaka anatambasula mapepala awo awiri olimba, pena nthambi ya msuku ya zipatso zakupsa, pena ya masamba okhaokha, nawerenga miyezi imene anazithyola. Anati mwezi umene ndinafika kuchipatala munalibe suku limodzi m'tchire lonse la kuno.

Wa paboma anatembenukira kwa mesenjala namufunsa ngati zinali zoona. Mesenjala, bambo wa imvi, anaima chilili nati, "Masuku amapsa mvula ikamayamba, bwana. Nthawi ya fodya kulibe." Anthu amene anadzaza pakhonde anang'ung'udza movomereza. Mphunzitsi uja, mchimwene wa malemu, anatseka maso. Ine ndinati basi, chilungamo chaoneka.

Pamenepo womulankhulira mwini famu anadzuka. Za fupa sanafunse, za mtengo sanafunse. Anafunsa adokotala kuti pankhondo ija anavala yunifolomu ya mbali iti. Adokotala anayankha zoona, kuti inali ya mbali ya Majeremani. Anafunsanso ngati akudziwa kuti mwini famuyu anamenya nkhondo mbali ya mfumu ya azungu a boma, kulimbana ndi Majeremani, ndipo mng'ono wake anafera komweko. Adokotala anati pepani chifukwa cha mng'ono wakeyo, koma masuku sadziwa za nkhondo. Palibe mzungu anaseka.

Chigamulo sichinatenge nthawi yophikira ndiwo. Wa paboma anati bwalo lake si loweruza zipatso. Anati palibe angadziwe za mkazi kuposa mwamuna wake, ndipo mwamuna walumbira. Za womwalirayo anati palibe umboni wa dokotala. Mwini famu anangomulangiza, ngati mnzake, kuti akweze zitsulo za m'mbali mwa ngolo yake. Ngati ngoloyo inalibe mlandu, ankaikwezeranji zitsulo? Ndinafunsa funso limenelo mokweza, ndikumenya ndodo pansi. Ndinafunsanso ngati mkazi wa mzungu atathyoka angafunse mwamuna wake m'malo mwa dokotala. Mesenjala anandiyang'ana mwachisoni nati, "Mayi, zimenezo sindimasulira. Ndili ndi ana." Mawu anga anathera m'chipindamo osafika kwa amene ndinkawauza.

Pobwerera tinadutsa pamsika wa Katete. Pamenepo adokotala anati, "Ndinaganiza kuti ndikanena zoona zikwanira." Ndinawauza kuti ife tinaleka kale kuganiza choncho. Ndinali wokwiya ndi aliyense tsiku limenelo, ngakhale iwo, chifukwa anali kudabwa ndi chinthu chimene ife tinkagona nacho ndi kudzuka nacho.

Pakomboni sindinabwererenso. Atachotsa chikhakha, malume anga anabwera kudzanditenga, tinadzera kukatenga mwana, ndipo amuna anga anabisala kumabalani mpaka tinachoka. Ndinabwerera ku Vubwi kwa amayi anga. Ndinayamba kulima nditakhala pansi, kenaka chogwada, ndipo dzinja lachiwiri ndinaunda mizere ndili chiimire.

Nawo adokotala, azungu anzawo sanawasiye. Azungu a mafamu analeka kuwapatsa moni, analeka kutumiza antchito awo kwa iwo, ndipo kunayamba manong'onong'o akuti kuthengo kumene amapita sakafuna masamba koma amakakumana ndi anthu a ndale otsutsa Chitaganya. Anakhalabe zaka ziwiri. Kawiri anabwera kwathu ndi galimoto, bambo anga nawatsogolera kumapiri, kumene anapeza chinaka cha maluwa ofiira chomera m'ming'alu ya matanthwe, chimene anati sanachionepo m'buku lililonse. Ulendo wachiwiri anabwera kudzatsazika. Chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno chinali chitatha, ndipo akuluakulu anakana kuchiwonjezera popanda kupereka chifukwa. A mishoni anawapemphera koma sizinamveke. Anandiyendetsa pabwalo uku ndi uku akuyang'ana chiuno, nayeza miyendo ndi chingwe, nadandaula za zala ziwiri zija ngati anachita kundibera. Anauza bambo anga makulidwe a chikopa choti azikhomera kunsi kwa nsapato yanga.

Atachoka, kunalibenso wa mafupa m'dera lonse kwa zaka zambiri. Ana amene anali pakati pa kuwongoledwa mapazi anawachotsa zikhakha, mapazi nabwerera mwakale. Ndikudziwa mmodzi wa kufupi ndi Mkaika amene anakula akuyendera mbali ya phazi mpaka kukalamba. Ameneyo sanakwere ngolo ya munthu, sanalowe m'bwalo la milandu, koma analangidwa nawo.

Amuna anga anakhaladi kapitawo. Chaka chimene Chitaganya chinkatha, mwini famu anagulitsa zonse napita kummwera, osayankhapo kanthu pa za imfa ya mnzanga uja. Ndinamva kuti antchito anamuvinira potsazikana ndipo anawagawira malaya akale. Patapita miyezi ingapo amuna anga anafika kwathu ndi nkhoswe yawo, ataonda, akupempha kuti tibwererane. Malume anandiitana kuti ndiyankhe ndekha. Ndinati ndilibe mawu ambiri. Ana atatu a mnzanga uja ali kwa mchimwene wake mphunzitsi, ndipo anakula akuuzidwa ndi boma kuti mayi awo anafa ndi m'mimba. Apite akaime pamaso pawo, akanene zimene anaona, ndipo akabwera tidzakambirana.

"Zimenezo ndi zakale," iwo anatero. "Kuzifukula n'kupweteka ana."

"Ndiye pitani bwino," ndinatero.

Sanapite kwa anawo, ndipo kwa ine sanabwerenso. Ndinapita ndekha chaka chotsatira, pabasi ndi pansi, ndinakawafotokozera zonse, kuphatikizapo kuti mayi awo anandichotsera zipika ali ovulala kale. Wamkulu anali atafika msinkhu wokwatiwa. Anandifunsa ngati mayi ake ananenapo kanthu pangolo paja, ndinamuuza kuti ndiye yekha mwa ife anayi amene anatsegula pakamwa kuchenjeza mzungu.

Kalata ya adokotala inabwera kamodzi kokha, kudzera kumishoni, m'Chichewa chawo chokhotakhota. Anati akugwira ntchito pachipatala cha ana olumala kwawo, akuphunzitsanso achinyamata za mafupa, ndipo akulemba buku la zomera za kuno. Anati chinaka chija akatswiri avomereza kuti n'chatsopano kwa iwo, ndipo m'bukumo alemba kuti anawaonetsa ndi bambo anga. Anafunsa za mwendo, nafunsanso dzina la kamtengo kena ka minga kamene pepala lake linanyowa panyanja. Anakajambula pansi pa kalatayo. Kanali kankhande. Mwana wanga, amene panthawiyo anali kusukulu, ndiye anandilembera yankho. Ndinawauza dzinalo, ndinawauza kuti bambo anamwalira, kuti mwendo umapweteka kukamazizira koma ndimalima, ndiponso kuti mzungu wa fodya uja anachoka ndi miyendo yake iwiri, wina aliyense osamufunsa kanthu. Sindikudziwa ngati kalatayo inafika. Bukulo sindinalionepo.